Mpunga Wanga pa Bwalo la Ndege

"Mlendo wosaodira umuope, ngakhale atasenza thumba la mchere." Anandichenjeza choncho mayi anga, tsiku limene amalume ankatisonyeza malo omangapo nyumba ine ndi agogo anu aamuna, a Saidi. Mayi sankanena za munthu ayi. Ankaloza kumwamba ndi mlomo, uku akuyang'ana bwalo la ndege limene linathera pa mtunda woponya mwala kuchokera pamene tinaimapo. Ine ndinali mtsikana, mutu uli pa ukwati, ndinangoseka. Lero mano oseka nawo anatha, koma mawu aja alipobe.

Ana inu, iwe Halima ndi azing'ono ako, ndaganiza zolemba chifukwa pa foni simumva. Ndikangoyamba nkhani mumati, "Agogo, tikuimbiraninso," ndipo kuimbanso kwake ndi mwezi wamawa. Komanso foni ine sindiikhulupirira. Mawu akuyenda mumlengalenga opanda chotchinga, ndani akudziwa amene akutchera khutu panjira? Pepalali ndimata ndekha, ndikaponya ndekha ku Boma. Muwerenge mutakhala pansi, osati muli chiimire monga mumadyera kwanuko.

Mudzi wathu mumaudziwa, koma mumauona ndi maso a alendo odzadya mango. Kumtunda kuli msewu waukulu, kumunsi kuli nyanja, ndipo bwalo lagona pakati ngati mphasa yoyala. Wopita kudooko, wopita ku mjigo, mwana wopita ku madrasa, aliyense amalidula pakati. Mutu wa bwalolo waloza ku dambo la mpunga, ndipo pakati pa bwalo ndi dambo pali nyumba imodzi yakale ndi mtengo wa mango. Nyumba imeneyo ndi ino. Mudzafunsa kuti tinamangiranji pamenepa. Agogo anu anali mkamwini wochokera ku Kanyenda, ndipo mkamwini sasankha. Malo abwino onse anali atatengedwa. Amalume anaponda pansi ndi chidendene nati, "Apa mpabwino, palibe wokangana naye malire." Zoona, panalibe wokangana naye. Woyandikana naye wathu anali ndege.

Koma ndege za nthawi imeneyo zinali ndi mwambo. Tsiku lobwera ndege, mesenjala ankafika m'mawa panjinga kuchokera ku Boma, thukuta lili noninoni m'khaki wake. Pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi bwalo pankalendewera limu, chitsulo chija cha gudumu la lole. Mesenjala akaliza limu, mudzi wonse unkadziwa. Wambuzi ankathamangira mbuzi zake, amayi ankaitana ana, ndipo mesenjala ankasonkha moto wa udzu wauwisi kuti woyendetsa ndege aone kumene mphepo ikulowera. Ndegeyo ikafika sinkangotera ayi. Inkayamba yazungulira mudzi, kutsika pang'ono, kuyang'ana pansi, kukweranso, kenako n'kubwera. Mayi anga ankati, "Wamva? Yaodira." Ife tinkayankha mumtima kuti lowani.

Inu mumaona ndege ngati basi. Ife tinkaiona ngati nkhani. Ulendo wathu unali wa miyendo kapena wa ngalawa, ndipo wofuna kupita kutali ankadikira sitima padooko ndi kamba wa mbatata yootcha ndi mpasa wouma wa ku Bua, womanga m'masamba a nthochi. Ine ndinapitako ku Salima pa lole yonyamula mpunga, nditakhala pamwamba pa matumba, ndipo ndinafika nditafiira ngati chulu. M'ndege sindinalowemo, ndipo sindidzalowamo. Chinthu chimene chikawonongeka sungatsike n'kukankha, ine ayi.

Tsopano tamverani chimene ndinaona ndi maso angawa. Inali nyengo yokolola, mwera ukuwomba. Mayi ako, iwe Halima, anali kumsana kwanga, akumera mano. Ndinali pakhomo ndikusinja mpunga mumtondo wanga wa mlombwa, umene mayi anandipatsa polowa m'banja. Tsiku limenelo limu silinalire. Ena amati njinga ya mesenjala inathyoka panjira, ena amati uthenga sunafike ku Boma n'komwe. Amayi angapo anali atayanika mpunga m'mbali mwa bwalo, ndipo pamene pali mpunga pali mpheta ndi njiwa, pamene pali njiwa pali akabawi ozungulira pamwamba. Mphepo inandilanda lichero n'kuligubuduza kulowera kuseri kwa nyumba. Ndinalitukwana licherolo, ndinasiya musi, ndinalithamangira.

Ndegeyo sinazungulire. Inangotulukira kuchokera kunyanja, yotsika kale. Mbalame zinadzuka zonse pamodzi kutsogolo kwake, ndipo ndinamva phokoso ngati munthu akung'amba chitenje chatsopano. Inagunda pansi, inadumpha, inagundanso, kenako ndinaiona ikubwera kwa ine ili chopendekera. Inadutsa pamwamba pa denga lathu, udzu wa padenga n'kuuluka, n'kukagwa m'dambo. Chimene sindiiwala si phokosolo ayi, koma bata limene linatsatira. Ngakhale nkhuku zinakhala chete. Mwana kumsana sanalire, mpaka ndinamugwedeza kuti ndimve ngati ali moyo.

Nditabwerera pakhomo ndinapeza gudumu la ndege lili pakhonde, likuzungulirabe pang'onopang'ono. Mtondo wanga unali utang'ambika pakati. Pamene ndinaima posinja, panali chibowo m'dothi. Lichero ndi limene linandipulumutsa, lichero lomwe ndinali nditangolitukwana.

M'ndegemo munali amuna awiri. Mmodzi anatuluka yekha, matope mpaka m'chiuno, akuyenda mozungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. Winayo anamunyamula pa chitseko cha nyumba yathu, pakuti machira kunalibe. Sanafike ku chipatala. Chitsekocho anatibwezera chosatsuka, ndipo agogo anu anakachitsuka okha kunyanja.

Anthu a kuno muwadziwe bwino. Akuluakulu atatenga zimene ankafuna, chigoba cha ndege chinatsala m'dambo, ndipo sichinagone nyengo ziwiri. Wina anasula zipande, wina zivindikiro za mapoto, wina anakhomera pa bwato lodontha. Panali nyumba zimene mkazi ankanyadira kuti akuomolera kondowole ndi ndege. Ine sindinatengeko kalikonse. Ndinangosunga chibanthu cha mtondo wanga, ndicho chija nkhuku zimamweramo madzi, chimene iwe Halima unkafuna kuchiwaza nkhuni chaka chija, ine n'kukukalipira iwe osamvetsa chifukwa chake.

Patapita zaka ndege zinayamba kuchepa, kenako zinaleka. Mesenjala anakalamba, sanabwerenso wina. Mkuyu unagwa ndi mphepo, ndipo limu analikokera kuno agogo anu, ati adzasulire makasu, koma anamwalira lisanasulidwe. Bwalo linasanduka la tonse. Musatiweruze msanga, inu okhala m'nyumba za simenti. Malo ouma, osalala, opanda mthunzi, otalikirana ndi nkhuku za anthu, kuno ungawapeze kuti? Nthawi ya mvula linali la mbuzi ndi mpira. Masika akafika, mphasa za mpunga zinkayambira uko mpaka kuno, ndipo fungo la mpunga watsopano linkalowa mpaka m'zovala. Chilimwe, chinangwa chovuula chinkayera pabwalo ponse ngati nsalu zochapa. Cha kunyanja asodzi anamanga mathandala a usipa. Ana athu atakwatiwa anamanga nyumba kufupi, ana awo anasendezanso kufupi. Ine ndemwe, amene ndinaona gudumu pakhonde, ndinayanikapo mpunga zaka zonsezo. Mantha amagona ngati alibe chowadzutsa.

Agogo anu atapita, amene anandisunga ndi Asiyatu. Mukumukumbukira, wa mpango wobiriwira uja, amene ankakupatsani zitumbuwa ine n'kumakuuzani kuti muyambe mwandionetsa musanadye. Tinavinidwa limodzi ine ndi iyeyo. Nyumba yake ili kuseri kwa mango anga. M'mawa uliwonse, tikaswali, ankaima pa mpanda n'kukuwa:

"Ukadalipo, nkhalamba?"

Ine ndinkati, "Ndikadalipo. Mapoto anga uwadikirebe."

"Mapoto obooka amenewo? Ndingawatenge n'kukasefera mchenga."

Akatero ankalowa, tinkamwa tiyi. Sindinganene kuti ndinkamuuza zonse. Munthu wouza mnzake zonse ndi nkhokwe yopanda denga. Koma ndikadwala, iye ndi amene ankadziwa dzuwa lisanakwere.

Chaka chatha kunabwera magalimoto osalaza dothi. Tinamva kuti bwalo litsegulidwanso, kuti alendo odzaona njovu ku nkhalango ndi odzagona m'mahotela a m'mbali mwa nyanja azitera pompano. Kenako tinamva kuti kubwera anthu odzayeza. Sankadzayeza minda ayi. Ankadzaona kuti ndege itaphonya bwalo ingagwere ndani, nyumba zayandikira motani, ndani amadutsapo, ndipo mbalame zilipo zochuluka bwanji.

Yusufu, mwana wa malemu mng'ono wanga, ndiye wapampando wa komiti ya mudzi. Anaitanitsa anthu pakhomo pake Lachisanu titachoka ku mzikiti. Yusufu si munthu woipa, ngakhale kuti akamaseka maso ake saseka nawo. Anati:

"Abale anga, tiuzane zoona. Anthu amenewa akalemba kuti pano pali ngozi, mukuganiza kuti asamutsa bwalo? Asamutsa ife. Atiponya kumtunda uko kopanda dambo, kopanda dooko, manda a makolo athu n'kutsala kuno. Ndiye tiyeni tikonze. Mphasa zonse zichoke. Mathandala tizule. Njira zodula pabwalo tizitseke ndi nthambi, tisese mapazi. Akafunsa, sitidutsapo, timazungulira. Sitiyanikapo, timayanika pakhomo."

Wina anafunsa za mbuzi. Yusufu anati, "Mbuzi zimangidwe, ndipo amene mbuzi yake idzalankhule, ndi ndiwo." Anthu anaseka. Anawonjeza kuti bwalo likatsegulidwa anyamata adzapeza ntchito yotchetcha ndi yolondera, amayi adzagulitsa mikeka kwa alendo.

Ine ndinati, "Nanga mbalame waziuza?"

Anati, "Amayi aakulu, mbalame zimatsata chakudya. Chakudya chikachoka, nazonso zichoka."

"Odzayezawo akapita, chakudya chidzabwerera. Ndege nayo idzabwera. Zidzakumana."

"Zija zinali zakale, amayi aakulu. Pano kuli mafoni. Ndege isananyamuke azindiuza ine."

Asiyatu anandikoka chitenje, n'kundinong'oneza kuti, "Khala chete, nkhalamba. Ukufuna tikafere kumapiri?"

Ndinamumvera. Chimene chinkandiwawa n'chakuti Yusufu sankanama pa zosamutsazo. Ndakhala nthawi yaitali, sindinaonepo chinthu cha akuluakulu chikupatukira mudzi. Odzayezawo sindinkawakhulupirira. Yusufu sindinkamukhulupirira. Foni yake, imene imakhala yopanda moto theka la sabata, ndiye osanena. Ndinalibe woti ndiime naye. Koma ndikatseka maso ndinkaona gudumu lija likuzungulira pakhonde, ndipo pamene panali mtondo ndinkaona ana a madrasa ndi zipewa zawo zoyera.

Mudzi unagwira ntchito imene sunagwirepo ngakhale pokonza manda. Anasesa, anazula, anakokera nthambi za minga pa njira zonse. Bwalo linakhala mbee, ngati sipanapondepo munthu. Mpunga anthu anaubisa m'nyumba uli wosauma bwino, ena mpaka unayamba kununkha chuku. Mbalame zinkabwera m'mawa, kuzungulira, osapeza kanthu, n'kukatera m'mitengo. Zinakhala choncho masiku angapo, zili ndi njala, zikudikira.

Ndinaganiza kuti ndikanena pakamwa, Yusufu adzaseka n'kuuza alendowo kuti agogowa mutu unayamba kuzungulira. Nkhalamba ikalankhula, anthu amamva zaka zake, samva mawu ake. Choncho m'mawa wa tsiku lobwera alendo ndinathira mpunga m'dengu, ndinapinda mphasa m'khwapa, ndinatuluka. Asiyatu anali pa mpanda.

"Ukupita kuti ndi dengu?"

"Kukayanika."

"Lero?"

"Dzuwa latuluka lero."

"Usatichite zimenezo, mwana wa amayi. Nyumba yanga ili kuseri kwa yako. Akakuzula iwe, andizula ndi ine."

Ndinati, "Ikadzagwa, idzayambira kwa ine n'kuthera kwa iwe."

Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo ndinamva akukoka mpiringidzo, masana ngati amenewo.

Ndinayala mphasa pakati penipeni pa bwalo, ndinamwaza mpunga ndi phazi monga timachitira, ndinakakhala pambali. Ana inu, ine ndinkaganiza kuti kubwera mpheta zochepa zoti ndiloze ndi chala. Ndinaiwala kuti mbalame za mudzi wonse zinali ndi njala, ndipo mphasa inali imodzi. Zinatsika m'mitengo yonse nthawi imodzi. Mpheta, njiwa, akhwangwala, mphasa osaonekanso, pamwamba akabawi akuzungulira motsika. Galimoto ya alendo itaima, chinthu choyamba chimene anaona ndi mtambo wa mbalame pakati pa bwalo losesedwa bwino lija.

Anali awiri, bambo wonyamula makina oyezera a miyendo itatu ndi mayi wachitsikana wa chipewa chachikulu. Yusufu anathamangira kutsogolo akuwomba m'manja kupirikitsa mbalame, uku akuti, "Pepani, amayi athuwa akula, saona bwino malire." Mayi uja anamudutsa. Anabwera kwa ine, anagwada, anandipatsa moni ndi Chichewa cha kumpoto, nati dzina lake ndi Nyirenda.

"Agogo, mumayanika pano masiku onse?"

Anthu anali atasonkhana kumbuyo kwake, maso onse pa ine. Ndinati, "Mwanangu, funsani mbalamezi. Ngati ndayamba lero, waziuza ndani?"

Anayang'ana mbalame, anayang'ana Yusufu, kenako anayang'ana pansi. Anakanda ndi chala mumng'alu wa dothi n'kutulutsa mankhusu a mpunga akale, akuda. Anayenda kukafika pa nthambi za minga, anakokako imodzi, njira n'kuonekera pansi pake, yokumbika ndi mapazi a zaka. Sanakalipe. Anangoti kwa mnzake uja, "Tiyambirenso."

Madzulo ake asanapite anafika pakhomo pano. Ndinamuyalira mkeka panja, m'nyumba sindinamulowetse. Anaona chibanthu cha mtondo, anafunsa, ndinamuuza zonse za gudumu. Anandifotokozera kuti ndege ikavutika pouluka kapena potera, sikonda kugwera m'mbali mwa bwalo. Imapitirira kutsogolo, monga madzi otaya m'beseni amapitira kumene waloza. Anati nyumba zimene zili ku mutu wa bwalo ndi zimene zili pa njira yake.

Ndinafunsa, "Ndiye igwa liti?"

Anati, "Zimenezo sindingakuuzeni, agogo. Mwina sidzagwa inu muli moyo. Ndege zambiri zimatera bwinobwino. Ine ntchito yanga ndi kunena kumene ingagwere ikadzagwa, ndi zimene zingaigwetse."

"Inuyo mungagone m'nyumba muno?"

Anayang'ana denga, anayang'ana bwalo. Ndinkadikira bodza laulemu lija amanena anthu ophunzira. Anati, "Ayi. Popanda mpanda ndi mbalame zili chonchi, sindingagone."

Pa moyo wanga wonse, mlendo amene ndinatsala pang'ono kumukhulupirira ndi ameneyo. Koma anakwera galimoto n'kupita, ndipo ine ndinatsala ndi mudzi.

Patapita milungu kunabwera anthu ena ndi chitini cha penti yofiira. Anapaka pa mango anga, pa khoma langa, pa khoma la Asiyatu, ndi pa nyumba zina za mzere womwewu. Anati kudzamangidwa mpanda wa waya kuzungulira bwalo, anati ife a penti yofiira tidzauzidwa kopita. Mvula yagwa, yatha. Penti yayamba kusuluka. Mpanda sitinauone, kopita sitinauzidwe. Zimene analemba mayi Nyirenda zinafika pa tebulo la ndani, kaya zinawerengedwa, ine sindidziwa. Chimene chinafika ndi ndege.

Za masiku ano sizizungulira, ana inu. Zimangotulukira kunyanja zili zotsika kale, ngati ija. Woyendetsa amakhulupirira kuti pansi pakonzedwa chifukwa wina anatumiza uthenga pa foni. Tsiku lina uthenga umamufika Yusufu, amazungulira panjinga kuuza anthu. Tsiku lina foni ili kotchaja ku msika. Ndipo anthu, mpunga wawo atauyanika kuti? Anayamba m'mbali, mphasa imodzi, ziwiri. Lero m'mbalimo mwafika pakati. Ana a madrasa anachotsa minga kalekale.

Ndiye ndinafukula limu lija kuseri kwa khola, ndinalikoka ndekha pang'onopang'ono, ndinalimangirira pa nthambi ya mango ndi chingwe cha ukonde. Ndimakhala pakhonde ndi chitsulo cha khasu lothyoka m'manja. Ndikamva kulira kwa injini kutali, ndimaliza limulo. Anthu amathamanga, amakoka mphasa, amanyamula ana. Ndege ikatera n'kupita, amayalanso. Palibe amene amayang'ana kuno.

Pakuti chichokereni tsiku la mphasa lija, mudzi unanditseka kunja. Ku mjigo ndikafika, nkhani imatha. Pa sadaka mbale yanga imafika yomaliza. Yusufu amandipatsa moni wa pakamwa, miyendo ikuyendabe. Asiyatu anasiya kuima pa mpanda. Ndimamumva akutsokomola kuseri, iye amandimva ndikusesa, basi. Izi ndikanapirira. Chimene chikundiopsa n'china. Anyamata a kabaza akamadutsa amati, "Agogo sakufuna mpikisano, ali ndi ndege yawo ya lichero." Amaseka. Tsiku lina m'mawa ndinapeza lichero lakutha pakhomo, atalisomeka nthenga za khwangwala uku ndi uku. Inu a m'tauni mungati ndi nthabwala. Ine ndaona kumene nthabwala zotere zimathera kwa nkhalamba yokhala yokha. Zimayamba ndi kuseka, kenako mwana wa wina akatentha thupi, anthu amakumbukira dzina lako. Licherolo ndinalitentha, phulusa ndinakataya m'chimbudzi, sindinauze munthu. Ndikuuza inu.

Mayi ako, Halima, akuti ndibwere ku Lilongwe. Ndikakhale m'nyumba imene wophika sindimudziwa, mankhwala ondipatsa sindiwadziwa, ndipo ndamva kuti ndege za kumeneko ndi zazikulu ngati sitolo. Komanso ndikachoka, limu aliza ndani? Ndinadzifunsa kuti kodi anthu amene sandipatsa moniwa ndikuwalondereranji. Yankho ndinalipeza sabata yatha, ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Khutu langa lamanzere linafa chaka chino. Sindinauze munthu. Lamanja likumvabe, koma mwera ukamawomba limandinamiza. Tsiku limenelo la sabata yatha ndinali pakhonde, chitsulo m'manja, ndikuyang'ana kunyanja, osamva kanthu. Ndinangoona nkhuku zikuthawira pansi pa nkhokwe. Pokweza maso, ndege inali itafika kale ku mapeto a bwalo, ndipo pakati pa bwalo panali Asiyatu, atafulatira, akutembenuza mpunga ndi phazi. Ndinafuna kuliza, mkono unakana. Ndinafuna kukuwa, mawu sanatuluke. Mbalame zinadzuka. Asiyatu anacheuka, anadzigwetsa pansi chafufumimba pa mphasa yake. Ndegeyo inabangula, inakweranso, inadutsa pamwamba pa mango anga masamba n'kuthothoka, inakazungulira kunyanja, n'kudzatera bwino anthu atakoka mphasa. Palibe anavulala. Alendo anatsika akujambula mitengo.

Ine ndinakhala pomwepo, chitenje chitanyowa, sindibisa. Patapita nthawi Asiyatu anadutsa pa mpanda, dengu pamutu, chigongono chikutuluka magazi, mankhusu ali m'mpango monse. Sanandiyang'ane. Anangoima pang'ono, maso ali kutsogolo, nati:

"Lero sunalize."

Anapitirira. Ndiwo mawu oyamba amene wandilankhula chichokereni tsiku la mphasa. Ndawatembenuza mawu amenewa uku ndi uku. Mudzi wonsewu, umene sundipatsa moni, umayanika mpunga wake ndi kudutsitsa ana ake pabwalo podalira makutu a nkhalamba imodzi. Ndipo sakudziwa kuti khutu latsala limodzi.

Ndiye ana inu, bwerani mudzandione. Musadikire tchuthi cha mango. Musatume munthu, ngakhale atati ndi mnzanu wa kusukulu, sinditsegula. Bwerani nokha, mmodzi wa inu adzanditengere ku chipatala akandione khutuli, wina adzatsale pakhonde ndi chitsulo mpaka ndibwere. Iwe Halima, amene umadziwa kulankhula ndi anthu a m'maofesi, udzafunse kuti mpanda uja unathera pati, ndipo usadzalole kuti akuyankhe ndi kumwetulira. Mukatsika minibasi pa msewu, wa kabaza adzakuuzani kuti njira yachidule ndi yodula pabwalo. Mukane. Muzungulire cha ku dambo, ngakhale nsapato zanu zoyerazo zide.

Mukafika n'kupeza chitseko chotseka dzuwa litakwera, limu lili chete, musaime pa mpanda kudikira kuti wina akuuzeni za ine, pakuti palibe amene adzakhale akudziwa. Mubwere mpaka pakhonde, cha ku dzanja langa lamanja. Ndipo muodire mokweza.